Zidutswa za Telala wa pa Chamama

Makina awa ndinagula ndi mabelo atatu a fodya
chaka chomwe tinkasankha pakati pa nyali ndi tambala.
Ndinawakhazika pakhonde la golosale ya a Mphonongo,
ndipo chiyambire tsikulo
phungu aliyense wa dera lino
wadutsa pansi pa singano yanga.

Woyamba anali Kamtedza, mphunzitsi wopuma.
Nsalu yake inali yokhuthala, yosasuluka,
amayi ankasoketsa madiresi opita nawo ku tchalitchi.
Anati pa Kamwazi padzakhala mlatho.
Anaika mwala wa maziko, nthungululu zinalira,
mbuzi ziwiri zinafa.
Mwalawo ulipobe.
Ndi pabwino pochapira.

Wachiwiri, Chimphako, mwini esiteti.
Matenanti ake anabwera pa lole mbandakucha,
nabwerera ndi inki ku chala
kukasoka fodya m'zigafa dzuwa lisanakwere.
Pa wailesi sitinamumvepo ngakhale kutsokomola
m'nyumba ya malamulo,
koma bokosi la maliro ankatumiza msanga,
mtembo usanazizire,
ndiye tinam'bwezeranso kachiwiri.
Ndani sadzafa?
Atasintha chipani pakati pa ulendo
anyamata ake anabwera usiku ndi malaya khumi ndi awiri:
"Amisiri, sinthani kolala ndi matumba,
thupi lisiyeni, ndi lomwelo."

Kenaka mayi Nangondo, namwino, woima payekha.
Analibe nsalu. Analibe lole.
Njinga yokha, ndi kope la mayina a ana odwala kamwazi
m'midzi ya kutsidya kwa Kamwazi.
Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo,
poti wopanda nsalu telala amudyera chiyani?
Mavoti anawerengedwa m'kalasi ya sitandade sikisi
pa kuwala kwa nyali ya galasi,
oyang'anira a zipani akuodzera pa madesiki a ana,
ndipo tambala wachiwiri akulira
anapambana ndi mavoti makumi anayi ndi atatu.
Limodzi mwa iwo linali langa.
Sindinauze munthu mpaka lero.
Anatisiyira mijigo isanu, itatu ikutulutsabe madzi.
Zaka zisanu zitatha tinati ndi woumira,
sagawa kangachepe pa msonkhano,
tinam'bweza ku chipatala.

Za amene anabwera pambuyo pake ndilibe zambiri.
Mnyamata wa ku Lilongwe, nsapato zosongoka,
anagawa matisheti osokasoka kale.
Mwezi wonse makina anga anakhala chete
ngati mkamwini pamaso pa apongozi.
Anapambana, wina anakadandaula ku khothi,
tinafolanso pa mzere m'dzinja, chimanga chili m'mawondo,
inki yakale isanatheretu pa chikhadabo.
Anapambananso.
Nambala yake ya foni sigwira.

Ine sinditaya chidutswa.
Zonse zili m'thumba la feteleza kuseri kwa chitseko,
ndipo chaka chatha maso atayamba chifunga
ndinazilumikiza, ndinasoka chofunda.
Khutu la Kamtedza lagundana ndi tsaya la Chimphako,
theka la lonjezo lapitirira pa theka la lonjezo lina,
mawu akuti "chitukuko" aduka pakati
pomwe ndinapinda mpendero.
Pa ngodya imodzi ndinasiya kansalu koyera,
kotsala pa yunifolomu ya namwino.
Adani onsewo agona pamodzi, phee,
ndipo kunena zoona, m'mwezi wa Juni amafunditsa.

Dzulo mdzukulu wanga Tiyanjane
wapita kukalembetsa koyamba.
Ndinamuona akutsikira ku Kamwazi,
chitupa m'kamwa, nsapato m'manja,
siketi atakwinyira m'mawondo.
Anaponda pa mwala wa maziko uja
kuti adumphe bwino.

Pobwera anandifunsa, "Agogo, ndidzavotere ndani?"
Ndinam'patsa singano ndi ulusi
kuti andilowetsere.
Ake ndiwo maso akuona.